NYAMBO YA KWATHU PA MADZI A ENI

Aliyense amene adakulira m'midzi yozungulira Mitundu ndi Nathenje akudziwa kuti mnyamata wa kuno amaphunzira kukumba nyongolotsi asanaphunzire kulemba dzina lake. Ifenso tidakula chomwecho. Mvula ikagwa, madambo nadzaza, tinkadula nsungwi yowongoka ndi kumangirirapo chingwe ndi mbedza, pamodzi ndi kachidutswa ka phesi koti kaziyandama ndi kutiuza pamene nsomba yayamba kudya. Mphunzitsi wathu pa zonsezi adali malume athu. Kuchokera ku maiwe a mtsinje wa Lilongwe mpaka ku Diamphwe padalibe dziwe limene iwo sadaponyemo mbedza, ndipo sitidawaonepo akubwera kunyumba chimanjamanja.

Malume ankadziwa nyambo monga momwe mayi adziwira ndiwo zimene ana ake amakonda. Matemba ankawakola ndi kanyongolotsi pa mbedza yaing'ono. Makumba ankawanyengerera ndi kambamu ka mkute kokanyakanya mpaka kulimba. Mlamba, umene umasaka chakudya ndi ndevu zake m'matope ndi mumdima, ankauikira nyongolotsi zikuluzikulu kapena matumbo a nkhuku dzuwa litalowa. Nyengo ya ngumbi ndi ziwala ikafika ankasinthanso. Komabe pa nyambo zonsezi padali imodzi imene ankaikhulupirira koposa, ndipo mau ao tidawamva kosawerengeka: "Nsomba ndi nsomba basi. Sidabadwe nsomba yokana nyongolotsi." Nkhani yathu ya mwezi uno ndi ya ulendo umene mau amenewa adakayesedwa, kutali ndi kwathu, pa madzi amene sitinkawadziwa.

Kalata yochokera ku Zomba

Papita zaka zambiri tsopano. Msuweni wathu, mwana woyamba wa malumewo, ankagwira ntchito ya ukalaliki ku Zomba. Ngakhale kuti likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, maofesi ena adatsalabe kumeneko, ndipo iye adatsala nao. Tsiku lina adalemba kalata yonena kuti pamwamba pa Phiri la Zomba pali nsomba ya maanga yotchedwa trout, imene imagonjetsa ngakhale asodzi odziwa, ndipo kuti wabwereka ndodo ziwiri zowedzera kwa mnzake wa kuntchito. Adapempha bambo ake kuti apite akaionere okha.

Malume adaseka mpaka kugwira m'mimba. Adagulitsa thumba la mtedza pa msika wa Mitundu kuti tipeze ndalama ya basi, ndipo pamaso pa anthu a m'mudzi adalonjeza azakhali, akazi ao, kuti adzabwera nayo nsombayo yowamba kuti aliyense alaweko. Kudali kumapeto kwa Novembala. Mizere tidali titaunga kale, tikungodikira mvula yobzalira, kotero masiku atatu okha ndiwo tikadatha kuchoka pakhomo. M'mawa wa tsiku la ulendo malume adalawirira kudimba, nakumba nyongolotsi zonenepa zodzaza chitini, nathiramo dothi lonyowa ndi kuboola timabowo pa chivundikiro.

Tidatulukira pa mphambano ya ku Bunda ndi kukwera basi yolowera kummwera. Tidadutsa pa Nanjiri ndi pa Nathenje, Phiri la Nkhoma likutiyang'ana chakumanzere, tidaoloka Diamphwe ndi Linthipe, kenaka Dedza, Ntcheu ndi Balaka. Pa Liwonde tidaoloka Shire kukutentha kodetsa nkhawa, ndipo malume ankangovundukula chitini chao kuti aone ngati nyongolotsi zikadali moyo. Madzulo tidafika ku Zomba, phiri litaima ngati khoma kumbuyo kwa mzinda, mutu wake uli m'mitambo.

Nsomba yobwera

Usiku umenewo msuweni adatifotokozera zimene adamva za nsombayi, ndipo zina tidazidziwa pambuyo pake. Trout ya mtundu umenewu kwao ndi ku mitsinje yozizira ya kuzambwe kwa North America, yothira m'nyanja ya Pacific. Angelezi amaitcha rainbow trout chifukwa cha mzere wofiirira ngati utawaleza umene uli m'nthiti mwake. Idafika m'dziko muno mu 1906, pa nthawi ya atsamunda, amene ankafuna kuwedza monga ankachitira kwao, ndipo idaikidwa m'madzi a pa Phiri la Zomba. Pambuyo pake idakafikanso ku mitsinje ya pa Phiri la Mulanje ndi ku Nyika.

Chifukwa chimene idaikidwira m'mapiri mokha ndi ichi. Nsomba imapuma mpweya wosungunuka m'madzi, ndipo madzi ozizira ndi othamanga amasunga mpweya wambiri kuposa madzi ofunda ndi odikha. Trout imasangalala m'madzi a madigiri 10 mpaka 16. Akapitirira madigiri 21 imayamba kuvutika, ndipo akafika cha pa 25 imafa. Chigwa chathu cha Lilongwe chili pa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo maiwe athu amafunda kwambiri mu Okutobala. Pamwamba pa Zomba ndi pa mamita ngati 1,800, ndipo nsonga ya Malumbe imapitirira 2,000. Mlamba wathu uli ndi chiwalo m'mutu chouthandiza kupuma mpweya wa kunja, kotero umapirira ngakhale m'thope. Trout ilibe mwayi wotero. Ndiponso, pamene mlamba umapeza chakudya ndi fungo, trout imadalira maso. Malume adamvetsera zonsezi akugwedeza mutu, koma adangoti, "Ya maso kapena ya mphuno, pakamwa ili napo."

Lamulo la mtsinje wa Mulunguzi

M'mawa mwake tidakwera phiri pa mseu wokhotakhota, tidadutsa pa Ku Chawe, ndi kulowa m'nkhalango ya mitengo ya paini. Mtsinje wa Mulunguzi tidaumva tisanauone. Madzi ake adali oyera mbee, kotero kuti tinkawerenga miyala ya pansi, ndipo titaviikamo manja tidawachotsa msanga chifukwa cha kuzizira. Ife ozolowera madzi a mtundu wa thobwa tidaima kakasi.

Apa ndi pamene msuweni adatulutsa chiphaso chimene adagula kwa a za nkhalango, cholembedwa m'dzina lake, natiwerengera malamulo a pa nthawiyo. Lamulo loyamba lidagwa ngati mphenzi: m'madzi amenewa munkaloledwa nyambo yopanga ndi nthenga yokha. Nyongolotsi, chiwala, nsima, zonse zidali zoletsedwa. Malume adayang'ana chitini chao chimene adachisamala ulendo wonse, nayang'ana mwana wao.

"Iwe, bwanji sudalembe zimenezi m'kalata?"

"Bambo, ndikadalemba simukadabwera," adayankha msuweni atazyolika.

Lamuloli lidali ndi nzeru yake. Nyongolotsi nsomba imaimeza mpaka m'mimba, ndipo ukafuna kuchotsa mbedza umaipha, ngakhale ikhale yaing'ono yosayenera kutengedwa. Nyambo ya nthenga imakola pa mlomo, kotero nsomba yaing'ono ungathe kuimasula ndi kuibwezera m'madzi ili moyo. Mtsinje wa m'phiri ndi waung'ono ndipo nsomba zake ndi zowerengeka. Anthu khumi a zitini za nyongolotsi akadatha kuukokolola m'nyengo imodzi. Pa chifukwa chomwecho padalinso miyezi yoletsa kuwedza, pamene nsombayi imaikira mazira ake m'timiyala m'nyengo yozizira.

Kabokosi ka nthenga

Pamodzi ndi ndodo zija padabwera kabokosi kachitsulo. Titakatsekula tidapezamo timbedza tambiri tovekedwa nthenga, ubweya ndi ulusi, tina takuda, tina tofiira, tina tonyezimira. Angelezi nyambo yotere amaitcha fly, ndiko kunena ntchentche, ngakhale kuti imatsanzira tizilombo tamitundumitundu. Iliyonse ili ndi dzina. Coachman ili ndi thupi la nthenga ya pikoko ndi mapiko oyera. Zulu ndi yakuda, ya kamchira kofiira ndi kaulusi kasiliva kozungulira thupi. Black Gnat ndi kantchentche kakuda. March Brown ndi yotuwa ngati nkhwali. Walker's Killer, yochokera ku South Africa, ndi yaikulu, ya nthenga zambiri zogona m'mbali. Mbedza zake zili ndi manambala, ndipo chodabwitsa ndi chakuti nambala ikamakula mbedza imachepa: ya 14 ndi yaing'ono kuposa ya 8.

Luso limeneli ndi lakale kwambiri. Cha m'ma 200 A.D. mlembi wina wa ku Roma, Aelian, adalemba za anthu a ku Macedonia amene ankakulunga ubweya wofiira pa mbedza ndi kumangirirapo nthenga za tambala kuti anyenge nsomba za maanga. Buku lina losindikizidwa ku England mu 1496 lidatchula nyambo za nthenga 12 ndi miyezi yoyenera iliyonse. Komatu miyezi imeneyo ndi ya ku England. March Brown idapatsidwa dzinalo chifukwa cha kachilombo kamene kamatuluka m'mitsinje ya kumeneko mu Malichi, chisanu chikamatha, pamene kwa ife Malichi ndi mwezi wa mondokwa. Chotero dzina la nyambo silingamuuze mlendo chimene nsomba ya pa Zomba ikudya lero.

Ife izi sitinkazidziwa. Tidasankha monga momwe mwana asankhira maswiti m'sitolo. Malume adatenga yaikulu koposa, nati nsomba yanzeru siingasiye nyama yaikulu. Ife tidatenga yonyezimira koposa.

Tsiku la chimanjamanja

Kuponya kwenikweniko kudali kwachilendo. Nyambo ya nthenga ilibe kulemera, ndiye chimene chimaponyedwa ndi chingwe chochindikala, chimene kumapeto kwake kuli kanayiloni kopyapyala kosaoneka m'madzi. Tidakola nthambi, tidakola udzu, ndipo kamodzi tidakola chipewa cha malume. Titayamba kuzolowera, malume adakwera pa mwala waukulu pamwamba pa dziwe, atavala malaya ao oyera a pa ulendo, chithunzithunzi chao chitagwera pamadzi. Tidaona timithunzi titatu tikuthawira pansi pa gombe ngati mivi. Tsiku lonse tidatsika ndi mtsinje, tikumenya madzi dziwe ndi dziwe, tikusintha nyambo yofiira ndi yachikasu, yachikasu ndi yasiliva. Dzuwa lidapendeka tilibe ngakhale mamba.

Usiku tidagona m'phiri momwemo, titazinga moto. Malume sadalankhule nthawi yaitali. Kenaka adakoka chitini chija, nachigwedeza pang'ono.

"Imodzi yokha," adatero motsitsa mau. "Mbandakucha, anthu asanadzuke. Ndani angaone? Kodi ndikawauza chiyani amai anu ndi anthu onse aja?"

Msuweni adadikira kaye asanayankhe. "Bambo, chiphasocho chili m'dzina langa, ndipo ndodozi ndi za mwini. Mukatero nsombayo mudzaigwira ndithu. Koma tikakafika kumudzi, kodi tidzanena kuti tidaigwira bwanji?"

Malume sadayankhe. Adabweza chitini kumbuyo kwao, nafunda bulangeti. Ife tidagona ndi diso limodzi, ndipo tidamva akutembenuka usiku wonse. Tambala wa ku nyumba za ogwira ntchito m'nkhalango atalira, chitini chidali pomwe adachisiya.

Mkulu wa m'phiri

M'mawa kudagwa nkhungu. Tili pa gombe tikumanga nyambo, padatulukira mkulu wina wa imvi, wovala jekete yakale ndi nsapato za mphira. Titapatsana moni tidamva kuti adagwira ntchito zaka zambiri pa maiwe oswetsera trout a m'phirimo. Adati adationa dzulo lake. Malume, amene m'moyo wao wonse sadafunsepo munthu za nsomba, adavula chipewa.

"Bambo, ife ndife alendo, kwathu ndi ku Mitundu. Safunsa adadya phula. Kodi m'kabokosi umu nyambo yabwino ndi iti?"

"Achimwene," adayankha mkuluyo akumwetulira, "mwafunsa ine, koma mwini yankho ndi mtsinjewu. Tsekani kabokosiko, ikani ndodo pansi, tikhale."

Tidakhala kuseri kwa chitsamba pafupifupi theka la ola osachita kanthu. Poyamba sitidaone chilichonse. Pang'ono ndi pang'ono maso adazolowera, ndipo tidaona nsomba ziwiri zitaima m'madzi pamene mkokomo umathera, mitu italoza kumene madzi akuchokera. Sizinkasaka chakudya ayi. Zinkadikira kuti madzi azibweretsere. Nthawi ndi nthawi imodzi inkapatuka pang'ono, pakamwa poyera nkutseguka, nkubwereranso pamalo pake.

"Mwaona?" adanong'ona mkuluyo. "Pamwamba pa madzi palibe chikuchitika. Zikudya za pansi. Tiyeni tikaone ndiwo zake."

Adatitengera kumunsi, pa madzi osaya, natola mwala m'madzimo ndi kuutembenuza. Kunsi kwake kudali timoyo tambiri timene sitidaganizepo kuti tiliko. Tina tidali taphanthiphanthi, takuda motuwira, ta timichira titatu, totalika ngati njere ya mpunga. Tina tidadzimangira tinyumba ta mchenga ndi timitengo, mutu wokha uli kunja. Pa mwala wina padali kamwana ka tombolombo, konenepa, kamene sikadamere mapiko, ndipo pansi pa wina padathawa kankhanu. Mkuluyo adatiuza kuti tizilombo tambiri timene timauluka pa mtsinje timayamba moyo wao m'madzi, timakhalamo miyezi yambiri, ndipo timauluka masiku owerengeka okha. Ndicho chifukwa chake trout imapeza chakudya chake chochuluka pansi pa madzi.

Adaika kachilombo kamodzi pa chikhato cha malume, natsekula kabokosi pambali pake. "Tsopano sankhani. Yambani ndi msinkhu, kenaka maonekedwe a thupi, mtundu ubwere pomaliza." Malume adayang'ana kachilomboko, nayang'ana nyambo yao ya dzulo, imene idali yaikulu kasanu, ndipo adaseka okha. Adaloza March Brown yaing'ono pa mbedza ya nambala 14. Mkuluyo adavomera, nadulako mapiko ake ndi kampeni kuti ifanane bwino ndi kachilombo kosamera mapiko, nainyowetsa ndi malovu kuti imire msanga.

Adatiphunzitsanso kuti nyambo za nthenga zili m'magulu. Zina ndi zoyandama, za nthenga zolimba za pakhosi pa tambala, zotsanzira kachilombo kotera kapena kogwera pamadzi. Zina ndi zomira, za nthenga zofewa, zotsanzira tizilombo ta pansi ndi tomira. Zina zikuluzikulu, monga Walker's Killer, zimatsanzira mwana wa tombolombo, mbululu kapena kansomba, ndipo malo ake ndi madzi odikha ndi akuya monga pa damu la Chagwa, kumene umaimiza ndi kuikoka pang'onopang'ono. Nyambo ya malume ya dzulo sidali yoipa ayi. Idangoponyedwa pa malo osayenera.

Chotsala chidali kayendedwe. Popeza nsomba imayang'ana kumtunda kwa mtsinje, msodzi aidzere kumbuyo, akukwera ndi mtsinje, pamene ife dzulo lake tinkatsika nao moonekera. Malume adavula malaya oyera nabvala juzi yakuda ya msuweni. Adayenda chowerama, nagwada kuseri kwa mwala, naponya kumtunda kwa nsomba kuti nyambo itsike yokha ndi liwiro la madzi monga chakudya chenicheni. Kachitatu konse palibe chidachitika. Kachinayi chingwe chidaima pang'ono. "Kwezani!" adatero mkuluyo. Ndodo idapindika, ndipo nsomba idalumpha m'mwamba, mzere wake wofiirira ukung'anima. Idali yaing'ono, yosakwana muyeso wa pa chiphaso. Malume adanyowetsa manja monga adauzidwira, nachotsa mbedza pa mlomo, naiyang'ana nthawi yaitali, naibwezera m'madzi. Manja ao ankanjenjemera.

Chisanafike chakudya cha masana adagwira ina yokwana muyeso. Mkuluyo adati tiitumbule pomwepo ndi kuona za m'mimba mwake. Tidapezamo tizilombo takuda tija tambirimbiri, tinyumba ta mchenga tiwiri, ndi nyerere imodzi. "Iyi ndiyo kalata imene mtsinje wakulemberani," adatero. "Nsomba yoyamba imakuuzani za yachiwiri."

Ngumbi

Masana kudatentha modabwitsa, ndipo nsomba zidaleka kudya. Cha m'ma 3 koloko kudagwa mvula yamphamvu ya kanthawi kochepa, kenaka dzuwa lidawalanso, nthaka ikufuka nthunzi. Malume adanunkhiza mpweya, nayang'ana mbalame zimene zidayamba kuzungulira m'munsi pa malo ena oyera kutsidya.

"Bambo," adatero kwa mkulu uja, "za pansi pa miyala mwandiphunzitsa ndinu. Koma izi ndiye ndikuzidziwa. Dzuwa lisanalowe kutuluka ngumbi."

Sadaname. Posakhalitsa zidayamba kuuluka, zazing'ono kuposa za pa chulu cha kwathu, ndipo zambiri zinkagwera m'dziwe, mapiko atatambasuka pamadzi. Dziwe limene lidali zii lidayamba kuwira. Paliponse pankaoneka timagudumu ta madzi pamene nsomba zinkatola ngumbi pamwamba. Ife tidaponya March Brown yathu ija, koma palibe idaiyang'ana. Chakudya chidali chitasintha, ndipo nsomba zidasintha nacho.

Nthawi iyi malume sadafunse munthu. Adagwira ngumbi imodzi, naiika pa chikhato, natsekula kabokosi. Adadutsa zofiira ndi zonyezimira, natola Coachman yaing'ono ya thupi lakuda ndi mapiko oyera. Sadainyowetse. Adaiponya mofatsa m'mphepete mwa thovu m'mene ngumbi zomira zinkasonkhana, naileka kuti iyende yokha. Madzi adatumphuka. Isanakwane mphindi makumi atatu adatulutsa nsomba ziwiri zokongola, ndipo chiwerengero chololedwa pa chiphaso chathu sadachipitirire. Mkulu wa m'phiri adaomba m'manja, nati, "Achimwene, inu ndinu msodzi. Dzulo mudangoiwala kuti muli kwa eni."

Potsazikana malume adatenga chitini chija nachipereka kwa mkuluyo kuti akathire nyongolotsizo m'dimba lake la sitiroberi. Nsomba zitatuzo tidaziwamba usiku womwewo pa moto wa nkhuni, ndi kuzikulunga m'masamba.

Kwa amene angapite

Ena mwa awerengi athu angadzapeze mwayi wowedza trout, kaya pa Mulanje, kaya ku madamu a ku Chelinda pa Nyika, kumene ndi pa mamita oposa 2,000 ndipo chisanu chimayeretsa udzu mu Juni ndi Julayi. Kwa otere tikusiyirani zimene tidatola pa Mulunguzi. Musanamange chilichonse pa chingwe funsani eni malo za chiphaso, nyengo yololedwa ndi nyambo yololedwa, pakuti malamulo amasiyana malo ndi malo ndipo amasintha. Mukafika pa madzi khalani pansi ndi kupenya. Tembenuzani miyala ingapo, ndipo muibwezere monga mudaipezera. Gwedezani udzu wa m'mphepete, yang'anani pa ukonde wa kangaude ndi m'thovu, muone chimene chagwidwamo. Ngati pamwamba pali zii, yambani ndi nyambo yomira, yaing'ono, yakuda kapena yotuwa. Madzi akakhala oyera ndi ochepa chepetsani nyambo ndi kanayiloni komwe. Akadetsedwa ndi mvula tengani yokulirapo ndi yakuda, imene nsomba ingaione. Nsomba ikabwera kudzayang'ana nkubwerera, musathamangire kusintha mtundu. Yambani mwachepetsa msinkhu. Ndipo musakakamire nyambo chifukwa idagwira m'mawa. Nyambo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, iliyonse m'misinkhu iwiri, zimakwanira munthu wopenya, pamene wosapenya ngakhale zana silimuthandiza.

Kubwerera kwathu

Tidafika ku Mitundu mvula yobzalira itagwa usiku wake. Azakhali adagawa nsomba zija tizidutswatizidutswa kuti lonjezo likwanire, ndipo ena atalawa adati mlamba uli bwino. Malume sadatsutse. Wina adafunsa chifukwa chimene sitidabwerere ndi ana a nsombayo kuti tiwaike m'dambo lathu, ndipo iwo adayankha kuti nsomba nayonso ili ndi kwao, yathu ndi makumba ndi chilunguni. Zimenezi ndi zomwe amawetanso m'maiwe a pa sukulu ya zaulimi ya Bunda, pafupi nafe pano. Atafunsidwa ngati trout idadya nyongolotsi, adati, "Sindidaifunse." Koma mau ao akale aja sitidawamvenso. Kuyambira chaka chimenecho, ngakhale pa maiwe a Diamphwe amene ankawadziwa ngati khonde lao, ankayamba akhala pansi, natembenuza mwala, asanatsekule chitini.

Malume adatisiya kalekale, ndipo ife amene tidali anyamata pa ulendowo tamera imvi. Chimene chatikumbutsa nkhaniyi ndi chakuti madzi achilendo masiku ano sitichita kuwakwerera basi. Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, imene idatetezedwa ndi lamulo kuyambira mu 1922. Mitengo yake idadulidwa kwambiri chifukwa cha makala, kufikira kuti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukailondera. Mitengo ikatha madzi a mvula amatsika mwaukali ndi dothi, nakwirira miyala ya pansi pa mtsinje. Maiwe ena amene tinkasambiramo lero ndi mchenga, ndipo ena adasamuka malo. Onjezanipo katupe ndi masikito amene ena amakokera m'madzi, kupha nsomba ndi ana omwe. Munthu wobwera ndi nzeru za zaka makumi anayi zapitazo amapeza kuti pa mtsinje wa kwao wasanduka mlendo.

Mwezi wathawu tidatenga adzukulu athu awiri kupita ku mtsinje wa Nathenje. Adali ndi nsungwi zao ndi chitini chao, ali pa changu choti aponye. Tidawauza kuti aike zonse pansi. Pa dziwe loyamba tidatembenuza miyala isanu, ndipo kunsi kwake kudali thope lokhalokha. Tidawauza kuti pamene palibe chakudya cha nsomba, nsombanso palibe, ndipo tidapitirira. Kumtunda, pamene mabango ndi mitengo ya mkuyu idakalipo m'mphepete, wamng'onoyo adatembenuza mwala nafuula kuti, "Agogo, pali tizinthu tikuyenda!" Tidamuuza kuti atiike pa chikhato ndi kutiyang'anitsitsa. Pamenepo ndi pamene tidakhala pansi ndi kutsekula chitini.